Kodi n'kwanzeru kukaphunzira sayansi ya ndale kunja?

FUNSO: Akonzi, ndapeza malo pa yunivesite ina ya kunja kuti ndikachite digiri ya sayansi ya ndale, koma makolo anga akuti palibe phindu lophunzira ndale za eni ake, ndiponso akuopa kuti ndikagwa m'mavuto. Kodi ndiwamvere? Ndine wophunzira wothedwa nzeru.

YANKHO: Nkhawa ya makolo anu ndi yomveka, komabe maphunzirowa si ophunzitsa munthu kukopa anthu pamsonkhano. Cholinga chake ndi kufufuza mmene ulamuliro umapezekera, mmene umagawidwira ndiponso chimene chimaugwetsa.

N'zoona kuti chaka choyamba chidzakuvutani, popeza mudzayenera kudziwa bwino boma la dziko limene lakulandirani. Mukapita ku United States, mwachitsanzo, aphunzitsi adzayembekezera kuti mukudziwa kale kusiyana kwa nyumba ziwiri za malamulo za dzikolo: Senate, ya mamembala 100, ndi House of Representatives, ya mamembala 435, zimene anzanu a kumeneko adaphunzira ali kusekondale. Koma mukadzafika pa phunziro loyerekeza maboma a mayiko osiyanasiyana, mwayi udzakhala wanu, chifukwa inu mwaonapo ndi maso anu ulamuliro wa mtundu wina, pamene mnzanu wa pambali panu angoona ngati zonse za kwawo n'zachibadwa. Kuyerekeza kotereku ndiko muzu wa phunziroli: Aristotle, katswiri wakalekale wa nzeru zakuya wa ku Greece, ndi ophunzira ake adasonkhanitsa malamulo oyendetsera mizinda 158 pofuna kumvetsa chimene chimalimbitsa boma. Ife tikuona kuti chifukwa chimenechi pachokha n'chokwanira kuti mupite.

Konzekeraninso masamu. Ambiri amadabwa kupeza kuti kusanthula zotsatira za chisankho kapena kafukufuku wa maganizo a anthu kumafuna luso la ziwerengero ndi kompyuta.

Pa nkhani ya mavuto, makolo anu ali ndi mfundo imene simuyenera kuipeputsa. Viza ya wophunzira ili ndi malire ake: ku United Kingdom wochita digiri amaloledwa kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata sukulu ili mkati. Kutsutsana m'kalasi n'kololedwa, koma kumangidwa pa zionetsero kungaike viza yanu pachiswe, pamene mnzanu amene ndi nzika sangathamangitsidwe m'dzikomo. Musanalowe m'gulu lililonse la ndale, kaonaneni kaye ndi ofesi yoona za ophunzira ochokera kunja, ikufotokozereni zimene malamulo a dzikolo amalola mlendo kuchita.