Mipira yoimba kiyibodi: luso ndi la manja, chuni ndi cha makina

Achemwali, mwafunsa ngati kanema wa munthu wonjanjitsa mipira pa kiyibodi yoyala pansi, nyimbo n'kumamveka, ndi weniweni, ngati komiti yanu ingaitane munthu wotere pa ukwati wa mlongo wanu, komanso mtengo wake. Ndikhazikika pa funso loyambalo ndi pa zimene zimasokonekera tsiku la mwambo, chifukwa ndalama zimalowa m'madzi pamenepo.

Amene akuuzani kuti ndi mankhwala, ndi ena aja akuti kanemayo anangomulumikiza pa kompyuta, sanayang'anitsitse. Mipirayo ndi yeniyeni, manja akugwiradi ntchito, ndipo mawu amatuluka pa nthawi yomwe mpira wagunda. Chimene si choona ndi chakuti mpira ndiwo ukusankha noti yoti ilire.

Yezani nokha pa kiyibodi ya kutchalitchi. Kiyi yoyera m'lifupi mwake ndi mamilimita 23 kapena 24. Mpira wonjanjitsa wa juggling, masewera oponya ndi kuwakha mipira ingapo nthawi imodzi, umakhala mamilimita 63 mpaka 70, kutanthauza kuti ukagwa pa kiyibodi wamba ukhudza makiyi awiri kapena atatu nthawi imodzi. Komanso kiyi ukaidina imalowa pansi pafupifupi sentimita imodzi, ndipo kulowako kumameza mphamvu ya mpira moti sungabwerere m'manja. Choncho chimene chimayalidwa pansicho ndi thabwa lolimba lokhala ndi makiyi akuluakulu ongooneka, ndipo kunsi kwake kuli masensa, nthawi zambiri timbale tating'ono totchedwa piezo, tonga timene timakhala m'ng'oma zamagetsi. Mpira ukagunda, sensa imatumiza uthenga kudzera pa MIDI, njira yomwe zida zoimbira zamagetsi zimatumizirana mauthenga, kupita ku kabokosi komwe nyimbo yonse anaisungamo kale, noti ndi noti. Kugunda koyamba kumatulutsa noti yoyamba, kwachiwiri yachiwiri, mpaka nyimbo kutha, posatengera kuti mpira wagwera pati. Amene anatchukitsa masewerawa ndi Dan Menendez wa ku America, wodziwika kuti Piano Juggler, yemwe anaonekerapo pa pulogalamu ya pa TV ya Johnny Carson.

Nzeru imeneyi si yachilendo kwa oimba kiyibodi. Kakiyibodi ka Casio VL-1 kamene kanafala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kanali ndi mabatani otchedwa One Key Play: umasunga manoti, kenako n'kumangodina batani limodzi nyimbo n'kumayenda. Makiyibodi a Yamaha a mtundu wa PSR-E ali ndi phunziro lotchedwa Timing, lomwe ukadina kiyi ina iliyonse pa nthawi yoyenera, noti yolondola ndiyo imalira. Mupempheni woimba wa kwaya yanu akuonetseni, mudzamvetsa kanemayo m'mphindi ziwiri.

Bwererani ku kanemayo, muchepetse liwiro lake kufika theka, muyang'ane pomwe mipira ikugwera. Pa kiyibodi, manoti a besi amakhala kumanzere kwa woimba, okwera kumanja. Mudzaona chuni chikukwera pomwe mpira wagwera ku mbali ya besi, kapena mipira inayi yotsatizana ikugwera pamalo amodzi koma manoti anayi osiyana n'kulira. Mudzamvanso manoti atatu akulira limodzi chonsecho wagunda ndi mpira umodzi. Chizindikiro chachikulu chimaoneka akalakwitsa. Mpira ukapulumuka n'kunjanja kawiri, nyimbo imadumphira kutsogolo. Manja akaima, nyimbo imaimanso. Koma mukaona mpira wathawa, munthu akuuthamangira, nyimbo n'kumapitirira bwinobwino, dziwani kuti palibe sensa iliyonse, angoika nyimbo pa flash n'kumagundira pa thabwa lopanda kanthu. Ameneyo ndiye wonama, ndipo ndi amene ndikukuchenjezani naye.

Wa masensa uja musamupeputse. Makina amupatsa chuni, koma kayendedwe ka nyimbo kali m'manja mwake, ndipo pamenepo ndi pamene pamavuta. Mpira ukachoka m'manja sungaufulumizitse kapena kuuchedwetsa. Woponyedwa m'mwamba masentimita 30 umabwerera pakatha theka la sekondi. Kuti utenge sekondi yathunthu uyenera kukwera mita imodzi ndi masentimita 20. Nthawi kuti iwirikize kawiri, kutalika kumafunika kuwirikiza kanayi. Ponjanjitsa pali njira ziwiri: kuunyamulira m'mwamba pang'ono n'kuusiya ugwe wokha, yomwe ndi yodekha, ndi kuukankhira pansi mwamphamvu, yomwe ndi yachangu. Nyimbo yokhala ndi manoti aatali ndi aafupi imafuna kusinthasintha njira ziwirizi, kugwirira mpira wina m'dzanja kwa kanthawi, nthawi zina kuponya iwiri pamodzi, uku mipira isanu ikuyenda. Zimenezi zimatenga zaka, ndipo n'zoyenera kulipira.

Pali mitundu ina iwiri imene anthu amaiphatikiza ndi umenewu. Wina ndi woponya mipira motsatira nyimbo yojambulidwa kale, ngati mmene wovina amatsatirira ng'oma. Mu 2006 kanema wa Chris Bliss akuchita zimenezi ndi mipira itatu pa nyimbo ya gulu la Beatles anafala kwambiri pa intaneti, ndipo katswiri wina, Jason Garfield, anayankha pochita zofananazo ndi mipira isanu pofuna kusonyeza kuti zinazo zinali zosavuta. Apa palibe chobisika, munthuyo sanena kuti akuimba. Mtundu wachitatu ndi umene zinthu zoponyedwazo zimaimbadi. Gulu la Flying Karamazov Brothers, lomwe linayamba mu 1973 ku California, linkaimba marimba ndi zibonga zomwe likuponyazo, ndipo Michael Moschen amanjanjitsa mipira m'kati mwa chimango chachikulu cha ngodya zitatu, kugunda kwake n'kumamveka ngati ng'oma. Zimenezi zimatheka chifukwa pogunda pake ndi papakulu ndipo manoti ndi ochepa. Ganizirani mangolongondo: mitengo yake ndi yotambalala, munthu waluso atha kuilondola. Pa ukwati ine ndingakulangizeni wa mtundu wachiwiri uja, woponya m'mwamba motsatira nyimbo, chifukwa safuna zambiri ndipo zomusokoneza n'zochepa.

Ngati mwatsimikiza za wonjanjitsa, yambani ndi pansi. Chiwonetsero chotere chimafera pansi, osati m'manja. Pa kapinga sizitheka. Pa kapeti yofiira ya akwati sizitheka. Siteji ya matabwa imagwedera, imameza mphamvu ya mpira, ndipo pakati pa thabwa ndi pamwamba pa mtanda mpira umanjanja mosiyana, choncho manja sadziwa poudikirira. Matailosi amanjanjitsa bwino, koma mpira ukagwera pa mzere wolumikizira umathawira kumbali. Chofunika ndi simenti yosalala yopanda ming'alu. Akatswiri ambiri amayenda ndi mwala wawo wa marble kapena granite; wa masentimita 60 mbali zonse, wochindikala masentimita 3, umalemera pafupifupi makilogalamu 29, ndiye muwerengere mayendedwe ake. Ngakhale mwalawo, kapena thabwa la masensa lija, ukauika pa dothi kapena pa kapinga umatekeseka. Kuyeza kwake n'kosavuta: gwetsani mpira wake wa silicone (mtundu wa labala wonjanja kwambiri) kuchokera pa mita imodzi. Pamalo abwino ubwerera masentimita 85 mpaka 90. Ukalephera kufika 75, sinthani malo. Kenako uikeni pansi osaukankha. Ukayamba kugubuduka wokha, pamenepo ndi potsetsereka. Makonde ambiri amamangidwa motsetsereka dala kuti madzi a mvula azitsika, ndiye musamuike pakhonde. Fumbi ndi mchenga zisesedwe, pakolopedwe n'kuuma chiwonetsero chisanayambe, chifukwa mpira wa fumbi umaterera m'manja.

Chachiwiri ndi zokuzira mawu. Chida chake chilumikizidwe ndi waya ku mixer ya DJ, osati pa Bluetooth. Bluetooth imachedwetsa mawu pang'ono, mwina gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi, ndipo kuchedwa kumeneko n'kokwanira kuti mpira ugunde kaye noti n'kumveka pambuyo. Anthu amayamba kunong'onezana kuti ndi zabodza, ndipo mwini wakeyo amasokonezeka chifukwa khutu ndi dzanja sizikugwirizana. Pa chifukwa chomwecho pafunika sipika yaing'ono pafupi ndi iye. Mawu amayenda mamita 343 pa sekondi, ndiye sipika ya kumapeto kwa holo imamufika mochedwa. Koma sipika zikuluzikulu za besi zisakhale pafupi ndi thabwa lake. Piezo imamva kunjenjemera kulikonse, ndipo besi kapena mapazi a anthu odutsa atha kutulutsa manoti mpira usanagunde. Vuto lina lofala ndi sensa kuwerenga kugunda kumodzi ngati kuwiri, nyimbo n'kutha msanga mipira ikadali m'manja. Limakonzedwa pa kabokosi kaja, pochepetsa kumva kwa sensa ndi kuiuza kuti ikamva kugunda idikire pang'ono isanamvenso, koma zimenezi zimafuna kuyesera pamalo pomwepo, m'mawa holo ilibe anthu. Mufunseninso ngati chida chake chili ndi batire. Magetsi akathima, ngakhale jenereta ilire pakatha mphindi imodzi, kabokosiko kamayambiranso pa noti yoyamba.

Magetsi othwanimathwanima a disko azimitsidwe pa nthawi yake, ndipo pasakhale getsi kapena dzuwa lomuwomba m'maso. Wojambula asamuyatsire flash pafupi. Muuzeni MC kuti chiwonetserochi chisagundane ndi perekaniperekani; ndalama zamapepala zikagwera pa thabwa mpira sunjanja, ndipo anthu ovina amalowa m'bwalo mosayang'ana. Pafunika malo opanda munthu mamita atatu mbali zonse, ndi wachinyamata mmodzi woletsa ana kuthamangira mpira wothawa. Vuto lomwe makomiti amaliiwala ndi lakuti zonse zimachitikira pansi, kuyambira m'chiuno kutsika. Mu holo ya anthu 300 okhala pa mipando yofanana, oona ndi a mizere itatu yakutsogolo okha. Ngati mulibe kamera yoonetsa pa sikirini, enawo adzangomva kiyibodi ikulira.

Akakuuzani kuti adzamaliza ndi miuni ya moto, kanani ngati muli mu tenti kapena mu holo yokongoletsedwa ndi nsalu. Panja pokha, ndi parafini osati petulo, pali thaulo lonyowa ndi chozimitsira moto pafupi.

Za mtengo, dziwani kaye za zipangizo zake. Mpira wa silicone umagulidwa kunja, ndi wodula kuposa wa labala wamba, ndipo imafunika isanu kapena isanu ndi iwiri kuphatikizapo yapadera.  Munthu amene wabwera ndi mipira ya tenisi n'kumati adzaimba kiyibodi sakudziwa ntchitoyi. Mpira wa tenisi umabwerera kungopitirira theka la pomwe wagwera. Chiwonetsero chenichenicho ndi cha mphindi 6 mpaka 10, kupitirira apo chidwi chimatha chifukwa anthu azindikira kale mmene zikuyendera. Kwa ine, mphindi zimenezo zisadye ndalama zoposa zimene mukulipira DJ wa tsiku lonse. Dipoziti isapitirire theka, ndipo musapereke chifukwa cha kanema wa pa WhatsApp, poti anthu amatumiza makanema a eni ake. Achite pamaso pa anthu awiri a komiti. Ali pakati mumuuze aime. Nyimbo iime naye. Kenako mutenge mpira mugunde nokha pa thabwalo kasanu, mumve ngati manoti akutsatizana. Ndipo mumufunse maso ndi maso ngati chuni anachisunga kale m'makina. Waluso weniweni amavomera mosavuta. MC amutchule kuti ndi katswiri woponya mipira, asanene kuti ndi katswiri wa piyano, chifukwa pa ukwati sipalephera kukhala oimba kwaya amene adzaona kuti manoti sakugwirizana ndi makiyi.

Mwatchulanso kuti mwana wanu wakopeka nazo. Asayambe ndi kunjanjitsa. Msokereni timatumba titatu tansalu, kalikonse ka magalamu 110 mpaka 130 a mpunga kapena mapira, chifukwa tikagwa sitigubuduka. Ayambe ndi kamodzi, kuchoka dzanja ili kupita linalo, kukwera kulekeza m'maso. Kenako tiwiri: kachiwiri kachoke koyamba kakafika pamwamba penipeni, ndipo kaponyedwe m'mwamba, osati kupatsira dzanja linalo cham'munsi, chizolowezi chomwe chimavuta kuchotsa. Aime moyang'ana khoma kapena bedi kuti asamaponyere kutsogolo n'kumatsatira. Mwana amene amasewera phada amagwira msanga, popeza diso linazolowera kale kutsatira mwala uli m'mwamba dzanja likuchita zina pansi. Akafika poponya ka 50 ndi titatu osagwetsa, muikireni metronome ya pafoni, kapulogalamu kogunda motsatizana pa liwiro losasintha, igunde ka 120 pa mphindi, kuponya kumodzi pa kugunda kulikonse, ndipo nyimbo ibwere pambuyo pake. Mphindi 15 tsiku lililonse zimathandiza kuposa maola awiri Loweruka lokha. Pali magulu ophunzitsa ana masewera otere: ku Lusaka kuli Circus Zambia, imene inayambitsidwa ndi achinyamata a ku Chibolya, ndipo ku Cape Town kuli Zip Zap yomwe yakhala ikuphunzitsa ana kuyambira 1992. Makanema awo ndi abwino kumuonetsa kuposa a kiyibodi aja.