Kodi kufuna kutukuka ndi tchimo?

Mtsikana wina wa ku Katete wanditumizira imelo. Anamaliza Giredi 12, akufuna kupita ku Lusaka kukayamba geni ya salaula, koma amayi ake ndi anzawo a kumpingo akumuuza kuti akhutire ndi zomwe Mulungu wamupatsa. Akufunsa ngati mtima wofuna zambiriwu ndi tchimo.

Mwanawe, funso lakoli landikhudza pachilonda, chifukwa mawu amenewa ndi omwe anafooketsa malume anga. Iwo ankanyamula anthu panjinga ku Kapata kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kulowa, kakhushoni atakamangirira pakaliyala kuti wokwera asamve mabampu. Maganizo awo anali ogula kamakina kofinyira mafuta a mpendadzuwa, poti kuno ku Chipata mpendadzuwa timalima ndithu. Ndalama ankasunga m'chitini cha mkaka pansi pa bedi. Abale atangomva fungo lake, anayamba kubwera mmodzimmodzi. Uyu mwana wadwala, uyu kuli maliro, uyu feteleza wa boma wa FISP wachedwa. Malume akati akane, yankho linali lakuti munthu wopemphera saumira. Chitini chinauma, makina sanagulidwe, iwo anakalamba akupalasabe, mawondo ali otupa.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti amene ankawalalikira za kukhutira ndi omwewo ankadya ndalamazo. Ndiye ine ndinenetsa: nthawi zambiri "khutira" wa kwathu kuno ndi nsanje yovala chitenje cha mpingo. Pa 1 Timoteo 6, Paulo akudzudzula kukonda ndalama. Za ntchito ndi geni sanaletse. Pa Mateyu 25, amene anakalipiridwa anali kapolo uja amene anakwirira ndalama m'dothi. Ngakhale amishoni a Dutch Reformed amene anafika ku Magwero mu 1899 anatsegula sukulu. Akanafuna kuti tizingokhala phee, akanatiphunzitsiranji kuwerenga ndi masamu?

Komatu mbali inayo nayonso yawola. Aneneri a pa Facebook aja, ovala masuti onyezimira, amene amati ukapereka "mbewu" mawa udzuka ndi galimoto, amandinyansa kuposa abale a malume. Chilala cha 2024 chitawotcha chimanga m'minda, ndinaona ndi maso anga mayi wina atagulitsa mbuzi yake yomaliza kuti akapereke kwa mneneri, ana kunyumba akugonera maungu. Mayi uja sankafuna chuma, ankangofuna ufa, ndipo wina anamudyera masuku pamutu m'dzina la Yesu.

Za amayi ako, usawaike m'gulu la ansanje. Iwo ali ndi mantha. Akudziwa kuti basi ikangowoloka mlatho wa Luangwa, ukadwala malungo sangakuphikire phala. Anaonanso atsikana ena akubwerako ndi mwana kumsana, chikwama chili pululu.

Ndiye upite?

Pita, koma osati mwezi uno. Dikira mukolole, ugulitse nshawa zako, uyambe ndi belo limodzi konkuno, kaya ku Katete kaya pa Saturday Market ku Chipata, uone ngati umatha kunenerera mtengo komanso kukaniza wachibale ngongole. Lowa chilimba ndi anthu owadziwa. Ndalama ya basi yobwerera uisunge padera pafoni, osaikhudza. Ndipo amayi uwauze pamphasa, amalume ako alipo, asadzamve pafoni uli kale pa siteshoni ya mabasi ya Intercity ku Lusaka.