Malonda a ku Santa Fe mbendera ya Spain itatsika

Achimwene, mwafunsa kuti malonda odutsa malire ankayenda bwanji ku New Mexico chigawocho chitachoka m'manja mwa Spain n'kulowa mu ulamuliro wa Mexico mu 1821, komanso ngati n'zoona kuti aliyense wopita ndi katundu ankabwerako wolemera. Zolemerazo ziikeni kaye pambali. Funsani kuti pa tebulo la kasitomu pankakhala ndani, chifukwa mpamba wa munthu unkapulumukira pamenepo kapena kuthera pomwepo.

Nthawi ya Spain chigawochi chinali chokhomedwa. Mlendo sankaloledwa kugulitsa ngakhale singano. Nsalu ya ku Ulaya inkatsikira padoko la Veracruz, kukwera ku Mexico City, kupita ku Chihuahua, ndiye n'kumadzafika ku Santa Fe, likulu la New Mexico, pa msewu wa Camino Real wa makilomita pafupifupi 2,500 kuchokera kulikulu. Aliyense woigwira ankaikapo yake. Amalonda a ku Chihuahua ndiwo ankadya bwino: ankakongoza anthu a kumpoto katundu, n'kumalandira nkhosa, zikopa ndi mabulangete pa mtengo womwe iwo afuna. Ndalama yeniyeni inkasowa, choncho panali mapeso anayi owerengera: ya siliva ya mareal 8 (real inali kandalama kakang'ono), ina ya 6, ina ya 4, ndi yakomweko ya mareal 2 okha. Wamalonda pogula ankawerengera yotsika, pogulitsa n'kuwerengera yokwera. Ndi katapila ameneyo, ndipo mlimi ankakolola ali kale m'ngongole ya chaka chamawa.

Njala ya katundu yotereyi ndiyo inkakopa anthu a ku Missouri, ku United States, ndipo amene inawapweteka kwambiri ndi Robert McKnight, James Baird ndi Samuel Chambers. Anamva kuti wansembe Miguel Hidalgo waukira ulamuliro wa Spain ku Mexico mu 1810, iwo n'kuganiza kuti chipata chatseguka. Mu 1812 ananyamuka ku St. Louis ndi anzawo ochepa, katundu ali pamsana pa ziweto. Koma Hidalgo anali ataomberedwa kale ku Chihuahua mu July 1811. Uthenga womwe anaikirapo mpamba wawo wonse unali utatha ntchito asanamange n'komwe mtolo woyamba. Atafika ku Santa Fe anawagwira ngati akazitape, katundu kulanda, anthu kuwatsitsira ku Chihuahua kundende. Chomwe chimandiwawa ine n'chakuti akuluakulu a boma anagulitsa katundu yemweyo n'kumadulapo ndalama ya chakudya cha eni ake m'ndendemo. Munthu kulipira yekha phala la m'ndende ndi nsalu zomwe anazinyamula mtunda wonsewo! Anakhalamo zaka zoposa 8. Mu 1817 amalonda ena, Auguste Chouteau ndi Jules de Mun, nawonso anagona m'chitolokosi cha ku Santa Fe masiku 48, katundu wa madola pafupifupi 30,000 osabwerera. Musamange katundu chifukwa cha mphekesera yoti boma lasintha. Dikirani mpaka woima pachipata anene ndi pakamwa pake.

Kusintha kwenikweni kunabwera mu 1821, ndipo kunalibe nkhondo ku Santa Fe. Pangano la ku Córdoba, lovomereza ufulu wa Mexico, linasainidwa pa 24 August, ndipo bwanamkubwa Facundo Melgares analumbirira boma latsopano mu September. Chikondwerero chinachitika pa 6 January 1822. Melgares ndi yemwe uja anaperekeza Zebulon Pike, msilikali wa ku United States, ku Chihuahua mu 1807, Pike atagwidwa m'dera lolamulidwa ndi Spain. Munthu yemweyo, mpando womwewo, lamulo lina. Wamalonda William Becknell ananyamuka ku Franklin, Missouri, pa 1 September 1821, pa 13 November anakumana ndi asilikali a Kaputeni Pedro Ignacio Gallego, ndipo m'malo momumanga anamulozera njira. Pa 16 November anali ku Santa Fe akugulitsa. Becknell sanapose McKnight nzeru. Anangofika chipata chitangotsegulidwa, masitolo ali mbee. Chaka chotsatira anabwerera ndi ngolo zitatu. Mu 1824 gulu la anthu pafupifupi 80 ndi ngolo 25 linatenga katundu wa madola pafupifupi 30,000, n'kubwerako ndi golide ndi siliva wa madola 180,000 ndi zikopa za 10,000. Nambala imeneyi ndiyo inasokoneza anthu mitu. Chigawo chonsecho chinali ndi anthu ochepa, ndalama zochepa, ndipo m'zaka zochepa msika unakhuta. Wofuna phindu anayenera kupitirira ku Chihuahua, Durango kapena Sonora.

Za panjira. Munkanyamuka mu May, msipu utamera, chifukwa chakudya cha ziweto simunkanyamula. Kuchokera ku Independence, Missouri, kukafika ku Santa Fe ndi makilomita pafupifupi 1,250 podzera ku mtsinje wa Cimarron, ulendo wa masabata 8 mpaka 10, makilomita 20 kapena 25 patsiku. Ku Council Grove magulu ankadikirana, kusankha kaputeni, kugawana maulonda a usiku, ndi kudula mitengo yolimba n'kuimangirira kunsi kwa ngolo. Kutsogoloko kulibe mtengo wosemera ekiselo, ndiye wodutsa pamenepa osadula ankasiya ngolo yake m'chipululu. Ngolo imodzi inkanyamula makilogalamu pafupifupi 2,300, yokokedwa ndi nyulu 8 kapena ng'ombe 8. Ng'ombe zinayamba mu 1829. Zinali zotchipa komanso sizinkabedwa ngati nyulu, koma ziboda zinkaperepeseka, moti ena ankaziveka zikopa kumapazi. Kamba wa munthu mmodzi: ufa makilogalamu 23, nyama yankhumba yofutsa 23, shuga 9, khofi 4 ndi theka, ndi mchere. Ndiwo zina munkapha njati panjira.

Kouma kuja matabwa a magudumu ankafota, mkombero wachitsulo n'kukhwepa. Wodziwa ankakhomeramo timitengo kapena kuviika gudumu m'madzi usiku wonse. Malire a United States ndi Mexico panthawiyo anali mtsinje wa Arkansas, ndipo mukangowoloka munkayenda makilomita pafupifupi 95 opanda dontho la madzi mpaka ku Cimarron. Migolo yonse kudzaza, ziweto kumwetsa, chakudya kuphikiratu. Kulinso njira ya kumapiri ya ku Raton, yamadzi koma yaitali ndi yothyola ngolo. Katundu weniweni anali nsalu zathonje, makamaka zoyera ndi zamaluwa, kenako mipeni, malumo, singano, magalasi ndi zitsulo. Munkapikula pa yadi, kugulitsa pa vara, yomwe ndi yaifupi: masentimita 84 pamene yadi ndi 91. Kusiyana kumeneko kunali kwanu, bola muwerengetse bwino.

Tsopano a kasitomu, anthu omwe sindiwakhululukira. Boma la ku Mexico City linapanga New Mexico kukhala dera lolamulidwa kuchokera kulikulu mu 1824, koma ndalama zoyendetsera silinkatumiza zokwanira. Malipiro a asilikali ndi akuluakulu ankadalira msonkho wa ngolo. Choncho ngolo ikatulukira ku San Miguel del Vado pa mtsinje wa Pecos, anthu amaiona ngati malipiro awo akubwera. Msonkho wolembedwa unkafika pofanana ndi mtengo womwe munagulira katunduyo, nthawi zina kuposa pa nsalu wamba, ndipo mndandanda wa katundu woletsedwa unkasinthasintha. Palibe ankalipira wonse. Ankakambirana kuseri, ndipo amalonda ankati msonkho umagawika patatu: gawo la boma, la wa kasitomu, ndi lotsalira mwini katundu. Izi musazione ngati kuchenjera. Wamkulu wokhala ndi mnzake mu ofesi ankadutsa mopepuka, wamng'ono wa ngolo imodzi ndiye ankafinyidwa. Kupitirira kumwera kunkafuna chikalata chotchedwa guía, cholemba katundu yense, mwini wake ndi komwe akupita. Mtolo umodzi kusiyana ndi zolembedwa, kapena kupezeka m'tauni yomwe palibe pachikalata, katundu ankalandidwa. Mukagulitsa munkayenera kubweza chikalata china, tornaguía, chosonyeza kuti katundu anafikadi. Siliva wobwerera nayenso anali ndi msonkho wake wotulutsira. Ankamusokerera m'matumba a chikopa chachiwisi, chomwe chikauma chimafinya ndalama kuti zisalire kapena kupekesana.

Mu 1839 bwanamkubwa Manuel Armijo anangoti ngolo iliyonse madola 500, kaya yaikulu kaya yaing'ono, kaya yanyamula silika kaya miphika. Wa katundu wotchipa anafa nazo. Enawo anagula ngolo zikuluzikulu, ndipo akayandikira ankasanjikiza katundu wa ngolo ziwiri kapena zitatu m'imodzi, zopanda kanthuzo n'kuzisiya kapena kuziotcha. Armijo yemweyo anali wamalonda panjira yomweyi. Ndipo musaganize kuti malondawa anali a anthu a ku Missouri okha. Mabanja a ku New Mexico a Chávez, Perea ndi Otero ankapita okha kukapikula ku St. Louis mpaka New York, ndipo ankaposa alendo podziwa msika wa kumwera. Komabe chipata chinkatha kutsekedwa ndi cholembera chimodzi: mu August 1843 mtsogoleri wa Mexico, Santa Anna, anatseka makasitomu a kumpoto, n'kudzatsegulanso mu March 1844. Wokhala ndi katundu wa ngongole m'miyezi imeneyo ankangoyang'ana chiwongoladzanja chikukwera.

Koma ndibwerere kwa Baird ndi Chambers, chifukwa nkhani yawo sinathere m'ndende. Atamasulidwa anabwerera ku Missouri, kupeza mpamba wina, n'kunyamukanso mu 1822. Mtima wofuna kubweza zaka zotayika unawanyamutsa mochedwa, dzinja la kumeneko litayandikira. Chipale chofewa chinawatsekera pa mtsinje wa Arkansas, ndipo anakhala pachilumba miyezi itatu ziweto zikufa ndi njala ndi kuzizira. Pofika nthawi yoyenda analibe chonyamulira. Anakumba maenje pamtunda wa kumpoto kwa mtsinje, kukwiriramo katundu, kubisa dothi lofukulalo kuti wodutsa asazindikire, n'kupita ku Taos kukagula nyulu. Anabwerera, kufukula, katundu ali bwinobwino. Maenjewo anakhala apululu zaka zambiri pafupi ndi pomwe pali Dodge City lero, ndipo oyendetsa ngolo ankawerengera mtunda kuchokera pamenepo. Baird anadzatenga unzika wa Mexico, n'kumwalira ku El Paso mu 1826, patangopita zaka zochepa chitulukireni m'ndende.