Akati "use your loaf" ndiye kuti akufuna buledi?

Funso: Achimwene, ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds. Tsiku lina ndinachapa juzi yaubweya ya agogo ena m'madzi otentha ndiye inafota mpaka kukhala ngati ya mwana, bwana wanga atayiona anangopukusa mutu nkunena kuti "use your loaf". Ine ndinasokonezeka, buledi akubweramo bwanji apa? Nanga pa Chichewa tinganene kuti chani?

Yankho: Pepani mayi, ndayamba ndaseka kaye. Buledi alibe mlandu, bwanayo amanena za mutu wanu.

Mawuwa ndi a anthu a kum'mawa kwa London otchedwa ma Cockney, omwe amati weniweni ndi wobadwira pomwe mabelu a tchalitchi cha St Mary-le-Bow amamveka. Kuyambira m'zaka za m'ma 1800 anthuwa ali ndi kasewero kawo, m'malo motchula chinthu amatchula mawu ena omveka mofanana nacho kumapeto. Head, mutu uja, amamveka ngati bread, ndiye mutu unasanduka loaf of bread, kenako bread yemweyo anamutaya nkutsala ndi loaf basi, nchifukwa chake mlendo sangatolepo kanthu olo atakhoza Chingerezi chotani pa MSCE. Foni amati dog and bone, masitepe apples and pears.

Pa Chichewa musavutike ndi lofu. Ena amati "gwiritsa ntchito mutu", zimamveka ndithu koma ine ndimamva fungo la Chingerezi. Mayi anu akanakupezani mukuthira madzi owira pa juzi akanangoti "kumaganizako iwe!" kapena "koma umaganiza?" Ndi zomwezo ndendende, kukalipa kwake nkopepuka, kwa munthu amene akudziwa kuti nzeru muli nazo koma simunazidzutse. Ndipo ngati mmene simungauzire apongozi kuti kumaganizako, musakayerekeze kubweza mawuwa kwa bwanayo.

Pomwe ambiri timaphonya ndi poyamikira munthu amene amaganizadi. Tikati mutu wake ndi wakuthwa tikunena za kusukulu, masamu, mayeso, ndipo tonse tikumudziwa wina wa madigiri awiri amene amatenga katapila kuti agule foni. Tikati ndi wochenjera, samalani, Kalulu wa m'nthano uja ndiye wochenjera, mawuwa amanunkhako ukathyali. Amene amayamba wayeza zinthu asanachite timati ndi woganiza bwino, wokhwima maganizo, amaona patali, mutu wake umayenda bwino. Mawu omalizawa musawatembenuze mwachisawawa eti, mukati mutu wake sukuyenda bwino mwanena kale za misala, osati za juzi.

Juzi inayo mudzachape m'madzi ozizira, osafinya kwambiri, nkuiyala pa thaulo kuti iume.