Journal ya masiku asanu, ndi dzina la abwana pa pepala lanu

Imelo yomwe ndikuyankha lero yachokera kwa mayi wina wa ku Thyolo amene akumaliza digiri ya masters. Kafukufuku wake anachita pakati pa alimi ang'onoang'ono a tiyi. Wapempha kuti ndisatchule dzina lake kapena sukulu yake. Walemba motere:

"Pepala langa ndinatumiza ku journal (magazini yofalitsa kafukufuku) ina. Patatha miyezi inayi labwerako ndi masamba atatu a zodzudzula, akuti major revision, ndiye kuti ndikonze zambiri. Sabata yomweyo journal ina yandilembera kuti ingalisindikize m'masiku asanu ndikalipira madola 150. Ndipite kumeneko? Chachiwiri, abwana a dipatimenti yathu akuti ndiike dzina lawo, chonsecho pepalalo sanaliwerengepo n'komwe. Nditani?"

Achemwali, ku journal ya masiku asanuyo musapiteko. Masamba atatu akupwetekani mtimawo ndiwo chinthu chamtengo chimene mwalandira chiyambire kafukufukuyu.

Miyezi inayi ija inathera apa. Pepala likafika, mkonzi amaliona kaye ngati likugwirizana ndi journal yake. Akakhutira, amayamba kusaka anthu awiri kapena atatu odziwa bwino nkhaniyo kuti aliwunike. Nthawi zambiri anthuwa salipidwa, ndiye ambiri amakana, ena sayankha n'komwe. Wovomerayo amawerenga usiku atatopa ndi kuphunzitsa: kodi alimi munawasankha bwanji, ziwerengero za mu tebulo yachitatu zikugwirizana ndi zimene mwanena kumapeto, chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa chili kuti? Zonsezi sizitheka m'masiku asanu. Wolonjeza masiku asanu akukuuzani poyera kuti palibe amene adzawerenge.

Inu mwakhalapo pa sikelo ndi alimi anu. Kalaliki amapisa dzanja m'dengu kuti aone ngati wathyola masamba awiri ndi kansonga, ndipo akapeza okhwima amabweza. Mlimi amadandaula, koma tiyi wa fakitaleyo amagulika chifukwa cha dzanja lomwelo. Kutabwera wogula wosapisa dzanja, wolandira ndi timitengo tomwe, n'kunenanso kuti wolipira ndi mlimiyo, simungafunse kuti tiyiyo akupita naye kuti?

Mu 2013 mtolankhani wa za sayansi, John Bohannon, anayesa zimenezi. Analemba pepala labodza lonena kuti mankhwala ena ochokera ku ndere za pamiyala amaletsa khansa kukula, n'kuikamo dala zolakwika zoti wowunika aliyense wogalamuka akanaziona. Analitumiza ku ma journal 304 olipiritsa wolemba, ndipo 157 analivomera. Nkhaniyi inatuluka mu journal yotchedwa Science. Chimene chimandiwawa n'chakuti mayina a olemba ndi a masukulu amene anapeka anali omveka ngati a kuno ku Africa. Kaya tizitenge bwanji, msika wa akathyaliwa umadya kwambiri anthu ngati ife, amene kukwezedwa pantchito kumadalira kuchuluka kwa mapepala pamene ndalama za kafukufuku ndi zochepa.

Koma musamve ngati ndikuti journal iliyonse yolipiritsa ndi ya ukathyali. PLOS ONE imalipiritsa, ndipo imawunika. Ofalitsa ambiri odziwika amachotsera kapena kukhululukiratu olemba a m'mayiko ngati Malawi mukapempha. Ngakhale mndandanda wotchuka wa ma journal oganiziridwa ukathyali wa Jeffrey Beall wa ku University of Colorado Denver, umene anautseka mu 2017, ena ankaudandaula kuti unkathira matope ndi ma journal aang'ono a m'mayiko osauka omwe vuto lawo linali umphawi chabe. Ndiye fufuzani nokha. Lowani pa DOAJ, mndandanda wa pa intaneti wa ma journal owerengedwa kwaulere amene anafufuzidwa, muone ngati journalyo ilipo. Iwowa anakhwimitsa malamulo pambuyo pa nkhani ya Bohannon, ndipo mu 2016 anachotsa ma journal oposa 3,000. Onani pa AJOL, pamene pali ma journal a mu Africa kuphatikizapo Malawi Medical Journal yathu. Ngati akuti ndi mamembala a COPE, bungwe la za chilungamo pofalitsa kafukufuku lomwe linayamba mu 1997, kaoneni pa tsamba la COPE lenilenilo, osati kukhulupirira chizindikiro chimene amata pa tsamba lawo. Werenganinso imelo yawo modekha. Akakutchulani "esteemed professor" inu musanavale n'komwe gauni, ndipo journal yomweyo ikusindikiza za tiyi, za mano ndi za malamulo, mwadziwa kale.

China chofunika: pepala lanu likadali m'manja mwa journal yoyamba ija. Major revision si kukanidwa, ndi kuuzidwa kuti konzani tionenso. Kulitumiza kwina musanalichotse kumeneko ndi kuphwanya lamulo, ndipo likangotuluka ku journal yachinyengo, yabwino sidzalilandiranso. Ntchito ya zaka ziwiri yathera pomwepo. Khalani pansi ndi masamba atatuwo, yankhani mfundo imodziimodzi. Pamene wowunika walakwitsa, ndipo amalakwitsa ndithu, makamaka amene sanaonepo munda wa tiyi wa theka la ekala pa phiri, muuzeni mwaulemu ndi umboni. Pamene wanena zoona, konzani. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Sindikunena kuti kuwunikaku sikuphonya. Pepala la Andrew Wakefield lomwe linachititsa makolo ambiri kuopa katemera wa MMR, woteteza ana ku chikuku ndi matenda ena awiri, linatuluka mu journal ya zachipatala ya The Lancet mu 1998, litadutsa mwa owunika, ngakhale linali la ana 12 okha. Journalyo inalichotsa mu 2010. Zaka 12 n'zambiri, koma panali mkonzi woti n'kumufunsa ndi olemba oti n'kuwaitana. Mu 2004, olemba 10 mwa 13 a pepalalo anasaina kuti sakugwirizananso ndi tanthauzo limene linaperekedwa. Aliyense amene dzina lake linali pamwamba paja linamutsata.

Apa ndiye tafika kwa abwana anu. Komiti ya akonzi a ma journal a zachipatala, ICMJE, ili ndi mfundo zinayi zimene ma journal ambiri, ngakhale osakhala a zachipatala, amatsatira. Wolemba akhale woti anathandiza kwambiri pokonza kafukufukuyo, posonkhanitsa data kapena poitanthauzira; analemba nawo kapena kukonza mozama; wavomereza pepala lomaliza; ndipo wavomera kudzayankha pa chilichonse chimene chingadzafunsidwe. Zonse zinayi, osati imodzi. Kukhala mkulu wa dipatimenti, kusaina kalata ya galimoto kapena kupeza ndalama pakokha sikukwanira. Otero malo awo ndi m'gawo la kuthokoza.

Ndikudziwa kuti izi n'zosavuta kulemba ndili kuno ku Mulanje, pamene inuyo ndi amene mukagogode pa ofesi yawo, ndipo mwina ndi omwewo amene adzasaine mapepala anu omalizira. Sindikukulangizani kukawauza kuti "ayi" m'maso muli gwa. Atengereni pepalalo pamodzi ndi ndemanga za owunika, munene kuti: "Bwana, a journal akufuna zinthu izi, ndipo ali ndi fomu yoti wolemba aliyense alembe mbali imene anagwira. Ndimati mundithandize pa gawo la kusanthula ziwerengeroli." Akaligwiradi ntchito, kuliwerenga lonse, n'kuvomera kuliyankhira, dzina lawo lalowa mwachilungamo ndipo pepala lanu lapindula. Akalisiya pa tebulo milungu ingapo osalitsegula, fomu ija ikuyankhulirani. Dziwaninso kuti kuwonjezera dzina pepala lili kale pa revision kumafuna kalata yofotokoza chifukwa, ndipo ma journal ambiri amafuna olemba onse avomereze. Zimenezinso auzeni, ndi zoona. Zikafika povuta, supervisor wanu ndiye woyamba kumudziwitsa, ndipo zonse zimene mwagwirizana muzisunge pa imelo.

Pali dzina lina limene simunafunse. Ngati panali wina amene anakwera nanu mapiri aja ndi mafomu, kufunsa alimi m'Chilomwe pamene Chichewa chinkaperewera, n'kukuthandizani kumvetsa zimene ankatanthauza, ameneyo wakwaniritsa kale mfundo yoyamba. ICMJE imanena kuti wotero apatsidwe mpata wowerenga, kukonza ndi kuvomereza pepalalo kuti akhale wolemba nawo. Mutumizireni pepalalo musanalibwezere ku journal, ndipo mkonzi mumuuze chifukwa chake.