Injini yakale ya m'boti, buku lake tilipeza kuti?

FUNSO: Akuluakulu, ndinagula injini yakale ya Lister kwa msodzi wina ku Nkhotakota, ataichotsa m'boti. Ndi ya masilinda awiri, yozizira ndi mpweya. Ndikufuna izipopa madzi kudimba. Ikulira bwino, koma oyilo akumachuluka yekha ndipo akununkha dizilo. Amakaniko akuti popanda buku saimasula. Ndilowere kuti? — Mlimi wa ku Santhe, Kasungu

YANKHO: Bambo, amakanikowo musawataye, akudziwa ntchito. Koma musanafune buku, pezani kaye kachitsulo kolembapo nambala komwe kanakhomedwa pa injiniyo. Katsukeni ndi palafini ndi kansalu. Sandipepa ayi, amafafaniza zilembo. Ngati sizikuoneka, ikanipo pepala n'kukhutiza ndi pensulo, zituluka.

Nambalayo ndiyo zonse. Pa ma Lister a zaka za m'ma 1960 ndi 1970 imaoneka motere, mwachitsanzo: 1234 SR2 19. SR ndi mtundu wa injini, 2 ndi masilinda, ndipo 19 mukamuphatikiza ndi 1950 mupeza chaka chomwe inapangidwa, 1969. Ma SL, LR, SR ndi ST amafanana kunja, koma mapisitoni ndi maring'i ake salowana, choncho buku "longofanana" lidzakugulitsani sipeya yolakwika.

Mabuku ndi atatu. Loyamba ndi la woyendetsa, lonena za oyilo ndi kalizidwe. Lachiwiri, Workshop Manual, ndi lomwe amakaniko akufuna: muli miyeso ya mavavu, kamangidwe ka mabawuti, ndi mpata wotsala pakati pa pisitoni ndi hedi, womwe amaukonza ndi timashimu topyapyala. Lachitatu, Parts List, lili ndi zithunzi ndi nambala ya kachitsulo kalikonse. Ife timati ili ndilo lofunika kwambiri, chifukwa wogulitsa sipeya amamva nambala, samva zoti "kaja kokhala pansi pa pampu".

Pa intaneti lembani "Lister SR2 workshop manual pdf", kusintha SR2 ndi zomwe mwawerenga pa kachitsulo kanu. Yesaninso pa Internet Archive, tsamba la pa intaneti losunga mabuku akale. Ku England maboti a m'ngalande ambiri akuyendabe ndi injini zomwezi, ndipo eni ake m'magulu a pa Facebook amagawana mabuku ulere mukatumiza chithunzi cha nambala. Dziwaninso kuti fakitale ya Lister ya ku Dursley, ku England, inaphatikizana ndi kampani ya Petter mu 1986, ndiye mabuku ena alembedwa Lister Petter. Kuno kwathu funsani amakaniko achikulire a m'maesiteti a fodya ndi eni zigayo zakale, ma Lister anadzaza kumeneko. Mukalipeza, kasindikizitseni pa Kasungu boma, masamba a miyeso muwaike m'pulasitiki.

Za oyiloyo, imitsani injini lero. Pa mitundu imeneyi mapampu a dizilo ndi timapaipi take zili mkati, kuseri kwa chitseko cha m'mbali. Kapaipi kakang'aluka kapena nati ikamasuka, dizilo amadonthera mu oyilo, oyilo amasanduka madzimadzi, mabeyaring'i n'kupsa. Tsegulani chitsekocho ndi makava a pamwamba, onani pomwe pakunyowa, konzani, kenako thirani oyilo watsopano. Mabawuti ake ndi a mainchi, sipanala ya mamilimita iwafumbula mitu.

Giyabokosi ili ndi nambala ndi buku lakelake, nthawi zambiri imakhala LH150. Musanagule pampu ya madzi, onetsetsani mbali yomwe shafuti ikuzungulira.