Chifukwa chake Godzilla wakale ali ndi miyendo yonenepa chonchija

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji Godzilla wa mafilimu akale aku Japan ali ndi ntchafu zikuluzikulu koma kamutu kakang'ono. Nkhani yake ndi yoti mkatimo munali munthu. Mu filimu ya 1954 ya kampani ya mafilimu ya Toho ankavala suti ya chilombocho ndi Haruo Nakajima, ndipo sutiyo inkalemera pafupifupi makilogalamu 100, mkati anaikamo nsungwi ndi mawaya ndi thonje kenako kunja n'kumata zangati labala, ndiye kuti iime osagwa kumunsi kunayenera kukhala kotakata, mwendo wa munthu ulowe bwinobwino.

Mutu wa Nakajima sunali m'mutu mwa chilombocho ayi, unali pakhosi. Pamenepo anabowola timabowo ting'onoting'ono toti azionerapo ndi kupumira, ndiye kumwamba kuja sakanaikako chimutu cholemera, chikanamulemera kwambiri Nakajima. Kutentha kwake mkatimo ndi magetsi a mu situdiyo aja, thukuta linkachita kudikha pansi pa suti, nthawi zina munthu mpaka kukomoka.

Khungu lokakala lija, ambiri amati analipanga lofanana ndi zipsera za anthu opsa ndi bomba ku Hiroshima. Ine zimenezi zimandikhudza kwambiri ndikamaonera.

Kayendedwe Nakajima anakaphunzira ku zoo ya Ueno ku Tokyo poyang'ana njovu ndi zimbalangondo, ndipo Eiji Tsuburaya, yemwe ankatsogolera kujambula zithunzi za chilombocho, ankajambula kamera ikuthamanga kuti pakanema chilombocho chizioneka chikuponda mwapang'onopang'ono, tinyumba ting'onoting'ono tomwe anamanga mu situdiyo toyerekeza mzinda wa Tokyo tizigwa molemera.